Mazira Awiri a Mphenzi ndi Mbiya Yaiwisi

Ndiyambe ndi kulumbira, chifukwa ana a masiku ano mumamvera nkhani ndi khutu limodzi, linalo mutalisungira makani. Ngati m'mawu anga muli bodza, ngakhale laling'ono ngati utitiri wa nkhuku, mano anga atatu otsalawa agwe lero lomwe, ndevu zanga zisamukire kumsana. Pali manda a amayi anga, pali mtengo umene anakwirirapo mchombo wanga, liwu lililonse ndi loona. Ine dziko lino ndaliyenda mpaka pamene limathera, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwake, ndipo konseko sindinakumane ndi munthu wodana ndi bodza kuposa ine. Tsono khalani bwino.

Kalelo, nsenjere zikadali zazitali moti mitambo inkakodwamo ngati thonje, kunali midzi iwiri yoyang'anizana, pakati pake pali dambo. Mudzi wina unali Mgwalangwa, winawo Thanthwe. Dambolo kukula kwake, mbawala ikalowa kuno ili mwana inkatulukira kutsidya ili ndi zidzukulu. Koma anthu a nthawiyo anali a miyendo italiitali ndi mawu aakulu, choncho kuwoloka kunali kwa m'mawa umodzi, ndipo kutukwanizana sikunkalira kuwoloka n'komwe.

Chimene ankadanirana chinali mvula. A ku Mgwalangwa ankathira nsembe pakasupe, patsinde pa migwalangwa, akumati mvula imayambira pansi n'kukwera. A ku Thanthwe ankathira zawo pamwamba pa mwala, akumati mvula ndi ya kumwamba ndipo imayamba yalonjera mwala wawo isanapite kwina. Mvula ikachedwa, awa ankati yathawa nyimbo za awo, awo n'kumati yanyansidwa ndi mowa wa awa. Zinatero mibadwo yambiri, mitu n'kumasweka apo ndi apo.

Ku Mgwalangwa kunali mayi woumba mbiya, dzina lake Nachanza. Mmisiri ngati ameneyo sanabadwenso. Nkhali yake ina inagubuduka kuchoka paphiri, inaswa miyala itatu panjira, yokha n'kukafika kunsi msuzi usanatayike. Mayiyu anali ndi ana awiri. Wamkazi ankakhala naye pamudzi pomwepo ndi adzukulu asanu. Wamwamuna, Chidothi, anachita zimene anyamata amachita: anaona mtsikana kutsidya, mtima n'kuiwala za mvula. Anakalowa chikamwini ku Thanthwe, ndipo mtsikanayo sanali wina koma mwana wa Kanyumbu, wansembe wamkulu wa pamwala. Pamene nkhani ino ikuyamba n'kuti ali ndi khanda la miyezi isanu, limene Nachanza anali atangolinyamulapo kawiri.

Tsono mverani za mphenzi, poti kusukulu sakuuzani zonse. Mphenzi ndi thadzi lalikulu lofiira. Ikatera pansi, kamodzi pa zaka zambiri, imasiya dzira lalikulu ngati dzungu, lotentha, long'ung'uza ngati njuchi za m'phanga. Dzira limenelo likakhala pamtunda silikuthandiza kanthu, chifukwa sungaliloze kulikonse. Koma ukalipezera mbiya yolimba, yokhala ndi kukamwa ndi chivundikiro, ndiye kuti wagwira moto wa kumwamba m'manja. Umangolozetsa kukamwako kumene ukudana nako n'kukweza chivundikiro.

Dzira loyamba linagwa ku Mgwalangwa, ndipo mbiya yake anaumba Nachanza, akadali ndi mano onse. Chaka chotsatira achifwamba anadzamanga misasa m'nkhalango ya Masuku n'kuyamba kulanda mbuzi. Amuna a ku Mgwalangwa anasenza mbiya ija, anailozetsa kunkhalango, n'kukweza chivundikiro pang'ono pokha, mpata woti n'kulowa chala cha mwana. Ana inu, nkhalango yonse inatha munthu asanameze malovu. Miyala inasungunuka ngati phula, nsomba zinapsera m'madzi, ndipo nthaka inakana ngakhale chisoso kwa zaka zisanu ndi zinayi. Achifwamba anatha. Anathanso mabanja okwana khumi amene ankakhala m'mphepete mwa nkhalangoyo, osalakwira munthu.

Nachanza anapita kukaona kutazizira. M'phulusa anapeza mtsuko woumba iye yemwe, wathunthu, chizindikiro chake chili pakhosi. Mwini mtsukowo anali mayi wina woseka kwambiri amene ankakonda kucheza naye. Mayiyo panalibe. Panali chithunzithunzi chake chokha, chitamatirira pamwala, chili chowerama ngati chikutunga madzi. Nachanza anabwerera kwawo osauza munthu.

Mbiya ija anaimangira kanyumba kakekake, ndipo woisamala anali Nachanza yemweyo. Mwezi ukaoneka ankalowamo yekha n'kuigogoda ndi chala, monga amachitira woumba aliyense pofuna kumva ngati mbiya ili bwino. Midzi yonse yozungulira inkawaopa a ku Mgwalangwa, ndipo iwo ankanena poyera kuti dziralo akungolisungira mtendere.

Ndiye chaka china, dzuwa litafika poswa mtengo, udzu wa m'dambo utauma kuti gwa, kunachita kamtambo kamodzi kopanda mvula. Mphenzi inatera pamwala wa ku Thanthwe, ndipo inasiya dzira. Madzulo a tsiku lomwelo Kanyumbu anaima pamwamba pa mwalawo n'kulalika, mawu ake akumveka mpaka m'makhola a ku Mgwalangwa. Anati mzimu wa pamwala wayankha. Anati anthu opembedza chithaphwi masiku awo atha. Ananenanso kuti wa ku Thanthwe asaope moto, pakuti wopsa chifukwa cha mwalawo amakwera ndi utsi n'kukasanduka mtambo, ndipo amabwera chaka ndi chaka kudzathirira minda ya abale ake. Analamula woumba mbiya wa kwawo, Nalinde, kuti mbiya ikhale itapsa mwezi usanaoneke.

M'mawa mwake bwalo la ku Mgwalangwa linadzaza mpaka ena anakhala m'mitengo. Nachanza anamuitana monga wosunga mbiya, ndipo anakhala pamphasa kutsogolo, manja ali pamiyendo.

Ena anati a ku Thanthwe awaleke akhale nalo dzira lawo, pakuti agalu awiri a mano ofanana amangouwana, salumana. Ena anati bwanji osakalondera kumtapo kuti Nalinde asapeze dongo, koma anthu anaseka, chifukwa kumtapo, kumene akazi amakumba dongo, mwamuna sapondako. Mkulu wina wa mawu otsika anafunsa kuti akawaletsa ndi nkhope yanji, iwo amene anatentha Masuku. Anthu anachita ngati sanamve.

Kenaka anaimirira Chikakuda, mtsogoleri wa amuna ankhondo. Sanali munthu woipa. Anali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo chiyambire kulalika kwa Kanyumbu mtima wake unali usanakhale pansi.

"Za agalu ndazimva," anatero. "Koma galu salumana ndi mnzake chifukwa amakonda chikopa chake. Ife chikopa timachikonda, n'chifukwa chake mbiya yathu yakhala chitsekere zaka zonsezi. Nanga munthu amene amati kupsa ndi ulendo wa kwawo, mumuopseza ndi chiyani? Mumupatse moto, n'kumuuza kuti usayatse chifukwa upsa? Akuthokozani."

Mawuwo analowa. Bwalo linagamula kuti tsiku limene utsi wowotchera mbiya udzakwere ku Thanthwe, utsi woyera uja wa makungwa umene aliyense amaudziwa, iwo adzalozetsa mbiya yawo kutsidya n'kuchotsa chivundikiro chonse, mbiya ya Nalinde isanazizire.

Nachanza anafunsa motsitsa mawu kuti nanga Chidothi. Chikakuda anamuyankha mwaulemu kuti amutumizire uthenga abwerere kwawo. Koma onse awiri ankadziwa kuti mkamwini angachoke yekha, mwana sachoka naye, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Ndipo Chidothi sakanasiya khanda lake ngakhale mutamukoka ndi ng'ombe. Nachanza anaona mmene zinthu zinalili. Mbiya ya Nalinde ikapsa, Chidothi ndi khanda apsa. Ikapsa mobisa, a kuno osaona utsi, apsa ndi adzukulu asanu a pakhomo pake. Anatenga dengu ndi khasu lake laling'ono n'kulowa m'dambo.

Mtapo unali pakati penipeni pa dambo, dzenje lalikulu la dongo lotuwa, lozunguliridwa ndi mzere wa miyala yoyera. Midzi yonse iwiri inkakumba pomwepo, chifukwa dongo silifunsa kumene umathira nsembe. Mwamuna akadumpha miyalayo, mbiya zonse za m'nyumba mwake zinkasweka, ndipo chinanso chimene chinkamuchitikira sindinganene pamaso pa ana. Choncho m'dziko lonselo, malo okhawo amene wa ku Mgwalangwa ndi wa ku Thanthwe akanakhala pansi opanda mkondo pakati anali amenewo.

Nachanza anapeza Nalinde ali m'dzenjemo, dongo mpaka m'mawondo. Awiriwa anali pachisuweni, ndipo kuumba anaphunzira kwa munthu mmodzi.

"Msuweni, wakalamba," anatero Nalinde osaweramuka. "Ndimayesa chitsa chikuyenda."

"Chitsa chake chimaumba mbiya zosadontha. Zako ndamva kuti nkhuku zikumamwera kunsi."

Anaseka pang'ono, kuseka n'kuthera panjira. Nachanza anakhala m'mphepete mwa dzenje n'kumuuza zonse za pabwalo, za utsi ndi za chivundikiro. Anamupempha kuti anene kwawo kuti mbiya yotere sangaithe. Nalinde anapukusa mutu. Anati Kanyumbu akudziwa kuti awiriwo anaphunzira pamodzi, ndipo iye akakana pali atsikana atatu amene anawaphunzitsa yekha, mmodzi wa iwo aumba. Nzeru si mbuzi yoti n'kuitsekera m'khola.

"Komanso tandiuza," anatero Nalinde, atatsamira khasu. "Inu muli nalo. Ife tisakhale nalo chifukwa chiyani? Zaka zonsezi timagona kukamwa kwa mbiya yanu kutatiyang'ana. Ana athu akalira timawatontholetsa ndi dzina la mudzi wanu."

Nachanza anati kusiyana kwake n'kwakuti Kanyumbu akunena yekha kuti adzatsegula.

"A Kanyumbu akunena. Inu munatsegula. Ku Masuku anatsegula ndi a Kanyumbu?"

Nachanza anayang'ana pansi. Kenaka Nalinde anatuluka m'dzenje n'kudzakhala pafupi naye, ndipo anavomera kuti nayenso ali ndi mantha. Anati Kanyumbu si munthu wongoopseza. Anamuonapo atafumbata khala lamoto nyimbo yonse ya nsembe mpaka kutha, nkhope osasintha. Akanakhala wabodza bwenzi zili bwino, koma munthuyo amakhulupirira zimene amanena.

Pamenepo Nachanza anaulula chimene anali asanauzepo ngakhale mwana wake.

"Mbiya yathu ili ndi mng'alu. Chaka chino n'chachitatu. Ndikaigogoda siliranso ngwee, imangoti phwa. Ndakhala ndikumata ndi phula, phulalo n'kumasungunuka, ine n'kumatanso. Msuweni, iwe ndi ine tikudziwa zimene amuna sadziwa. Palibe mbiya yosasweka. Yako idzaswekanso, kaya wina atsegule kaya asatsegule."

Nalinde anafunsa kuti tsono atani. Nachanza anatapa dongo m'manja n'kulifinya, ndipo anafotokoza zimene anaona tsiku limene ankayesa kukula kwa dzira loyamba. Analikhazika pa dongo laliwisi kuti aone msinkhu wake, ndipo dziralo linaleka kung'ung'uza, linazizira ngati mwala wa mumtsinje. Linadzukanso atalilowetsa m'mbiya yakupsa. Pa nthawiyo sanaganizepo kanthu, poti amuna ankafuna mbiya yonyamulika, ndipo dongo laliwisi silinyamulika kupita nalo kunkhondo.

Akazi awiriwo anayang'anana. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, akupangana tsiku, akupangana mawu oti akanene kwawo, akupangana ndi akazi oti awauze kuchitsime.

M'mawa mwake Nachanza anaitana Chikakuda ndi akuluakulu onse kukanyumba kaja. Anayamba wagogoda mtsuko wabwino kuti amve kulira kwake. Kenaka anagogoda mbiya ya dzira. Inangoti phwa. Anaitembenuza pang'ono n'kuwaonetsa phula likuyenderera pamng'alu, kuwala kofiira kukusuzumira mkati. Ndikukuuzani, amuna makumi anayi anatulukira pakhomo limodzi nthawi imodzi, khomolo n'kutsala lili bwinobwino. Atabwerera m'maganizo anamufunsa chochita. Iye anati pafunika mbiya yatsopano, ndipo mbiya yotere imaumbidwa mozungulira dzira lenilenilo, kumtapo, dongo lisanaone mphepo. Ku Thanthwe nako Nalinde anauza Kanyumbu mawu omwewo, n'kuwonjeza kuti chinsinsicho wachita kumubera msuweni wake. Uku anavomera chifukwa cha mantha, uko anavomera chifukwa cha changu.

Tsikulo linafika, dzuwa lili pamutu. A ku Mgwalangwa anatulukira mu nsenjere atasenza mbiya yawo pamachira. A ku Thanthwe anatulukira mbali inayo, dzira lawo lili m'dengu lomata ndi dongo. Atafika pamiyala yoyera, amuna a mbali zonse anaima, n'kuonana. Mikondo inakwera. Koma pakati pawo, m'dzenje ndi m'mphepete mwake, munali akazi a midzi yonse iwiri, oposa mazana atatu, ana ali kumsana, akuponda dongo. Woponya mkondo akanayamba walasa mkazi wake.

Akazi analandira katundu yense pamiyala paja. Nachanza anaswa mbiya yakale ndi mwala umodzi, dzira n'kugwera pa dongo laliwisi lisanalavule moto, ndipo mazira awiriwo atamvana anayamba kung'ung'uza mokweza, mpaka nthaka inanjenjemera ndipo nsonga za udzu zinayamba kufuka. Akazi sanadikire. Anawakhazika pamodzi pansi pa dzenje n'kuyamba kumata, wina kuponya dongo, wina kuwaza madzi, Nachanza mbali iyi, Nalinde mbali iyo, khoma la mbiya likukwera mowazungulira onse awiri. Dongo linkathovokera paliponse, moti posakhalitsa akazi onse anali mawangamawanga kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ali piringupiringu, pakamwa posatseka.

Chikakuda ndiye anayamba kuzindikira kuti mbiya ikuumbidwa ndi imodzi. Anatsitsa mkondo n'kunena mawu amene anamveka mbali zonse: "Taonani nkhanga izi. Zinapangana."

Amuna anayamba kufuula, awa akuti mbiyayo ikapsa ndi yawo chifukwa dzira lawo ndi lakale, awo akuti ndi yawo chifukwa lawo ndi lopatulika. Nachanza anaweramuka n'kuwauza kuti asavutike, mbiyayo sipsa, lero kapena mawa. Ikhala yaiwisi, pomwepo, pamene mwamuna safika.

Chikakuda anafika mpaka pamiyala, phazi lili m'mwamba. Mkazi wake, amene anali m'dzenje, anapukuta dongo kumaso n'kumuuza kuti, "Dumphani, bambo a ana, tione amene adandaule." Phazilo linabwerera lokha.

Koma Kanyumbu anadumpha. Anali wamtali, wowonda, ndevu zofika pamchombo. Akazi anapatuka, ndipo iye anatsika m'dzenje pang'onopang'ono, osathamanga. Kukamwa kwa mbiya kunali kusanatsekedwe, ndipo poti mazira akakhala awiri dongo siliwagoneka msanga, kutentha kotuluka mmenemo kukanawotcha chimanga chili m'munda wa kutsidya. Ndevu zake zinayamba kufuka. Nsalu yake inachita mabowo. Nachanza anamuyang'ana m'maso kufuna kupezamo mantha, ngakhale pang'ono, ndipo sanawapeze. Nalinde ananena zoona: munthuyu akanapisa manja n'kutulutsa dzira lake, ndipo likanasweka m'manja mwakemo akanafa akuimba.

Kanyumbu anaima patsogolo pake n'kunena modekha kuti wabwera kudzatenga cha mzimu, asamutsekereze.

Pambali pa Nachanza panali mpongozi wake, mwana wa Kanyumbuyo, atagwada, khanda likulira kumsana chifukwa cha kutentha. Zimene Nachanza anachita pamenepo sizinali m'pangano. Anamasula mbereko, ananyamula khandalo, n'kulitambasulira kwa wansembeyo, sewere wake poti ana awo anakwatirana, monga amachitira mayi aliyense wotanganidwa.

"Asewere, tagwirani kaye mwanayu. Manja athu ali ndi dongo."

Tsono inu mukudziwa kuti munthu akakupatsira khanda, manja amalandira mutu usanaganize. Kanyumbu anangozindikira mdzukulu wake ali pachifuwa. Khandalo linaleka kulira, linagwira ndevu zofukazo n'kuyamba kuzikokera kukamwa.

"Dzira lanu ndi ilo," anatero Nachanza. "Sindikukanizani. Koma mwanayo musamuike pansi, pansi pakutentha. Ndipo pano palibe amene amulandire."

Kanyumbu anayang'ana uku ndi uku. Akazi onse, ndi mwana wake yemwe, manja anali atawapisa m'dongo mpaka m'zigongono. Kunja kwa miyala, pakati pa amuna a ku Thanthwe, Chidothi anali atagwada, mkondo uli pansi. Mazira aja ankang'ung'uzabe.

Thukuta la khanda linayamba kutsikira padzanja la Kanyumbu. Kenaka, pang'onopang'ono, anatembenuka n'kupereka msana wake kumoto kuti mwanayo akhale kumthunzi.

"Mzimu unandiuza za ine," anatero, mawu ali pansi. "Za uyu sunandiuze."

Nachanza ndi Nalinde sanadikire kuti mzimu uwonjezere mawu. Anatseka kukamwa kwa mbiya ndi chibumi chachikulu cha dongo, akazi onse n'kuthira madzi, ndipo kung'ung'uza kuja kunatsika, kunatsika, mpaka kunatha. Anakwirira mbiyayo ndi dongo lina n'kuliponda mpaka kusalala. Nachanza anangokhala pansi m'matopemo. Chomwe anapempha n'chakuti amubwezere mdzukulu wake amunyamuleko kachinayi, poti kachitatu kaja kanali ka changu.

Musaganize kuti midziyo inayamba kukondana. Ayi ndithu. Za mvula anakanganabe, ndipo kawiri konse anaswana mitu ndi zibonga. Kanyumbu sanasiye mwala wake, ankalalikabe kuti a ku Mgwalangwa akupembedza chithaphwi, kungoti za utsi anasiya kuzitchula. Mbiya za m'nyumba mwake zinaswekadi zonse tsiku lomwelo, ndipo za chinacho, mwamwayi anali atakalamba kale. Koma chaka chilichonse, dambo likayamba kuuma, akazi awiri ankapita kukathira madzi pamtapo paja tsiku ndi tsiku, mmodzi wa uku, mmodzi wa uko, aliyense akuyang'anitsitsa manja a mnzake. Kukhulupirirana kunalibe. Kunali kuthira madzi basi, ndipo palibe anapsa.

Mawu a Chikakuda aja ndiwo anasanduka mwambi umene mumaumva mpaka lero: nkhanga zinapangana kusanapse. Tanthauzo lake lili m'manja mwa woumba. Dongo likadali laliwisi umalipinda mmene ukufunira, ukalakwitsa umaphwanya n'kuyambanso. Likapsa, lapsa, silimvanso madzi kapena kupepesa. Nkhani yoopsa muziikambirana isanalowe pamoto, ndipo muziikambirana ndi amene mukumuopayo, osati ndi anzanu okhaokha pabwalo la kwanu. Nachanza anapulumuka chifukwa Kanyumbu anali ndi mdzukulu. Akanakhala wansembe wopanda mdzukulu bwenzi pano palibe wokuuzani nkhaniyi, ndipo mwayi wotero munthu saudalira kawiri.

Ndimamva pawailesi kuti maiko ena ali ndi mazira awoawo, aja amati mabomba a nyukiliya, ndipo akukangana kuti uje asakhale nawo chifukwa amapemphera molusa. Chikakuda sananame, munthu wolakalaka moto sumupatsa moto. Nalinde nayenso sananame, woletsa mnzake atafumbata chomwecho mawu ake salemera. Ine akanandiitana ndikanawathera nkhaniyo tiyi asanazizire. Ndikanawauza kuti aliyense ayambe wagogoda mbiya yake amve mmene ikulirira.

Mlamu wanga wina, amene anafika sitandade sikisi ndipo chiyambire pamenepo sanatsikenso, anandidula mawu tsiku lina ndikufotokoza zimenezi. Akuti mwambiwu sukunena za akazi, ukunena za nkhanga zenizeni za m'tchire, zimene zinakhala pansi n'kugwirizana kothawira moto wa lupsa usanafike. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Mbalame kukhala pamsonkhano? Wapampando anali ndani, nanga anatsegula ndi pemphero? Nkhanga imene imaiwala kumene yaikira mazira ake omwe, ikakumbukire pangano? Zamkutu. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kumakhulupirira nthano za ana.